Kwa achimwene a ku Ulongwe amene Power BI ikuwakanira kulowa mu seva

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli pa ofesi yogula chimanga ndi soya ku Ulongwe, ziwerengero zonse zimakhala mu SQL Server, pulogalamu yosunga deta, pa kompyuta ya kwa akawuntanti imene ndiyo seva yanu, ndipo chizimireni magetsi Lolemba lija, lipoti la Power BI, pulogalamu yopangira malipoti ija, pa laputopu yanu silikutenganso zatsopano. Pena likulemba nambala 40, pena 18456, ndipo ashefe akulifuna Lachisanu. Ndaona ena akuti fufutani pulogalamuyo muiikenso. Musatero kaye, mungomaliza ma mega anu pachabe, pulogalamuyo ilibe mlandu.

Nambala ziwirizo ndi matenda awiri osiyana. Tiyerekeze mukupita ku Dedza. Chapa, minibasi ija, ikafera panjira musanafike pa malire a Calómuè, pasipoti yanu ilibe nayo ntchito, simunafike basi. Koma mukafika pa zenera n'kukubwezani, ndiye kuti msewu uli bwino, vuto ndi mapepala anu. Nambala 40 ndi inzake 26 zikutanthauza kuti simunafike. 18456 ndiye kuti mwafika, seva yakumvani, koma yakukanani. Kaya uthengawo ukubwera m'Chipwitikizi kaya m'Chingerezi, nambala sisintha, ndiye muziyang'ana nambalayo. Popeza inu zikukutulukirani zonse ziwiri, ndikukayikira kuti lipoti lanu limakoka malo awiri, kwina ndi adiresi yakale, kwina ndi senha (password) yakale.

Yambani ndi msewu. Magetsi akazima n'kuyaka, rauta imagawanso ma IP, ma adiresi a makompyuta pa netiweki, ndipo seva imene inali pa 192.168.1.20 itha kudzuka ili pa 192.168.1.34, lipoti lanu likugogodabe pakhomo pakale. Pitani pa seva mulembe ipconfig muone adiresi yake ya lero. Kenako pa laputopu tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection, adiresiyo, ndi -Port 1433 (port ndi khomo limene SQL Server imamvetserapo). Mzere wa TcpTestSucceeded ukanena True, msewu uli bwino. Ping yokha musaikhulupirire, imangokuuzani kuti kompyutayo ili moyo, osati kuti SQL Server ikumvetsera.

Ikanena False, tsegulani SQL Server Configuration Manager pa sevapo. Onani ngati SQL Server yadzukadi magetsi atabwera, ndipo onaninso ngati TCP/IP ili yoyatsa, chifukwa pa mtundu wa SQL Server wotchedwa Express imabwera yozimitsa. Pali kenanso kamene kamapusitsa anthu ambiri. Ngati dzina la seva yanu limathera ndi \SQLEXPRESS, nthawi zambiri siikhala pa 1433, imadzisankhira port, ndipo imatha kusintha ikadzukanso. Amene amalondolera alendo ku port yatsopanoyo ndi SQL Server Browser, kudzera pa UDP 1434. Browser ikakhala yozima, kapena firewall ya Windows, mlonda wa pa makomo aja, ikatseka pamenepo, mumalandira 26. Ine ndimangoikhomera pa 1433, n'kutsegula 1433 pa firewall, n'kupatsa seva IP yosasintha. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo nkhani ya magetsi imathera pomwepo.

Tsopano 18456, imene ndi yokoma kuifufuza mukadziwa poyang'ana. Pa laputopu yanu uthengawo umangoti State 1, ndipo ndi dala, seva safuna kuuza wakuba ngati waphonya dzina kapena senha. Chifukwa chenicheni chimalembedwa pa seva. Mu Management Studio, pulogalamu yoyendetsera SQL Server, pitani pa Management, kenako SQL Server Logs, mufufuze mzere wa nthawi imene munayesa kulowa. State 5 ndiye kuti dzinalo seva sikulidziwa. State 8 ndiye dzina lilipo koma senha yalakwika. State 38 ndiye mwalowa bwinobwino koma database imene mwatchula siikutseguka kwa inu, mwina anaisintha dzina, mwina sanakupatseni chilolezo. State 58 ndi ija yopweteka mutu, senha ili bwino, dzina lili bwino, koma seva anaiika kuti izilandira maakaunti a Windows okha. Pamenepo mupite pa Properties ya seva, Security, musankhe SQL Server and Windows Authentication mode, ndipo muizimitse SQL Server n'kuiyatsanso, apo ayi sizigwira.

Ine ndikubetcha pa State 8. Power BI imasunga senha imene munalemba tsiku loyamba. Akawuntanti akasintha senha osakuuzani, iyo imangotumizabe yakale ija. Pitani pa File, Options and settings, Data source settings, sankhani sevayo, dinani Clear Permissions, ndiye muyesenso. Kabokosi kofunsa kakatuluka, yang'anitsitsani kumanzere. Kamayambira pa Windows, ndipo anthu ambiri amalemba dzina la SQL pamenepo n'kumadabwa. Ngati dzina lanu linapangidwa mu SQL Server, dinani Database. Pomwepo pa Data source settings muonanso ngati pali ma seva awiri monga ndikuganizira. Ngati lipotilo mumalitumizanso pa intaneti kuti ashefe aziliona pa foni, dziwani kuti gateway, pulogalamu yolumikiza seva yanu ndi Power BI ya pa intaneti, imasunga senha yakeyake, muyenera kukasinthanso kumeneko, ndipo kompyuta imene ili ndi gateway ikazima, lipoti la pa foni limaima.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera pa ofesi ina ku Moatize. Ndinatha masiku awiri m'kachipinda kopanda zenera, thukuta kamukamu ndi kutentha kwa Okutobala, uthenga ukungoti Cannot generate SSPI context. Senha ndinasintha katatu, chingwe ndinasintha. Tsiku lachiwiri madzulo ndinangoponya diso pakona ya sikirini ya seva n'kuona kuti wotchi yatsalira ndi maola. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032 kaja kangati kandalama kachitsulo, kanali katatha, ndiye magetsi akazima nthawi imasokonekera. Pa makompyuta a pa domain, amene maakaunti awo a Windows amayendetsedwa ndi seva imodzi, Kerberos, njira yotsimikizira olowa, imakana munthu ngati mawotchi asiyana kupitirira mphindi 5. Ngati ofesi yanu ilibe domain izi sizikukhudzani kwenikweni, komabe wotchiyo iyang'aneni, n'zaulere.

Mukakhala kuti mumadutsira pa ODBC, njira ina yolumikizira mapulogalamu ku database, monga amachitira ena a Excel ndi Crystal Reports, kumbukirani kuti ya 32-bit ndi ya 64-bit n'zosiyana, System DSN, dzina la kulumikizako, yopangidwa kumodzi kwinako siioneka. Komanso ODBC Driver 18 imafuna encryption, kubisa deta panjira, pokhapokha mutaiuza zina, ndiye ikadandaula za certificate pa netiweki ya mu ofesi, chongani Trust server certificate.

Chimodzi ndikupempheni. Wina wanena pamwambapa kuti mungolowa ndi akaunti ya sa. Ayi achimwene, imeneyo ndi kiyi ya nkhokwe yonse, imatha kufufuta ndi ngongole za alimi zomwe. Lipoti limangofuna kuwerenga, ndiye akupangireni dzina lanu la db_datareader, longowerenga basi. Chithunzi chimene mwaika chija chikuonetsa dzina la seva ndi la akaunti, chichotseni muno. Mukayesa, mundilembere zimene TcpTestSucceeded yanena ndi nambala ya State ya mu log, ndiziona madzulo ndikaweruka.