Chimbale chikusewera pa kompyuta koma puleya ya amayi ikuchikana

Achemwali ena a ku Namwera anditumizira imelo yofunsa za mavidiyo akale. Ali ndi mafailo a ukwati wa achimwene awo ndi ena a ana akuvina sikiri, ena otha ndi .avi, ena .3gp, ena .DAT. Amayi awo kumudzi alibe foni yamakono, koma ali ndi DVD puleya ndi kanema. Achemwaliwo anakopera mafailo onse pa chimbale. Pa kompyuta chikusewera bwinobwino, koma akachiika mu puleya ya amayi palibe chikuoneka. Akufunsa kuti vuto lili pati.

Achemwali, chimbale chanucho sichinawonongeke, ndipo musathamangire kukagula puleya ina. Chimene mwabenacho ndi chimbale chosungira mafailo basi, chofanana ndi fulashi. Kompyuta imawerenga mafailo amitundumitundu chifukwa ili ndi mapulogalamu oonetsera mavidiyo ngati VLC. Puleya, makamaka zakalezi, imafuna DVD-Video, ndipo DVD-Video ili ndi malamulo ake okhwima. Chithunzi chiyenera kukhala cha mtundu wa vidiyo wotchedwa MPEG-2, mawu akhale pa 48 kHz, ndipo pa chimbale pakhale foda yotchedwa VIDEO_TS, m'kati mwake muli mafailo a VOB, IFO ndi BUP. Ma VOB ndiwo anyamula chithunzi ndi mawu, ma IFO amauza puleya koyambira ndi kolowera, ma BUP ndi makope a IFO osungira tsiku limene chimbale chakandika. Puleya ikafufuza foda imeneyi n'kuisowa, imangokhala chete. Zilipo zina zimene zimawerenga AVI, mudzaziona zitalembedwa DivX kutsogolo, koma ngakhale zimenezo 3GP zambiri siziidziwa.

Choncho ntchito ilipo pawiri: kusintha vidiyo kuti ikhale MPEG-2, kenako kuikonza m'dongosolo la VIDEO_TS. Ine ndimakonda pulogalamu ya DVDStyler chifukwa ndi yaulere ndipo imachita zonse ziwiri pamodzi, kuphatikizapo menyu yoti amayi azisankha ndi rimoti, ukwati kapena sikiri. DVD Flick nayo ndi yaulere ndipo imathandiza pa makompyuta akale a Windows. HandBrake musavutike nayo pa nkhaniyi. Ndi pulogalamu yabwino, koma imatulutsa MP4 ndi MKV, siipanga DVD-Video.

Mukatsegula DVDStyler idzakufunsani PAL kapena NTSC, mitundu iwiri ya kaonetsedwe ka chithunzi pa kanema. Sankhani PAL. Ndiyo timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi, ngakhalenso ku Joni kumene abale athu ambiri a kuno ku Mangochi amagula makanema ndi mapuleya. Kukula kwa chithunzi cha PAL ndi 720 x 576, zithunzi 25 pa sekondi. NTSC ndi ya ku America ndi Japan, 720 x 480. Mukaika NTSC pa kanema wakale, chithunzi chikhoza kutuluka chopanda mtundu kapena chogudubuzika. Funso lina ndi 4:3 kapena 16:9, kutanthauza kutambalala kwa chithunzi poyerekeza ndi kutalika kwake. Mavidiyo akale ambiri anajambulidwa mu 4:3, ndiye asiyeni choncho. Mukawakakamiza kudzaza kanema yense, mkwatibwi adzaoneka wofupika ndi wotambalala nkhope, ndipo amayi sadzakondwa.

Pano ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Kusintha failo sikuwonjezera kuwala kapena kuoneka bwino. Mafoni akale a Nokia ankajambula 3GP yaing'ono kwambiri, ina 176 x 144 yokha. Mukaitambasula kufika pa 720 x 576, nkhope zidzaoneka mabokosimabokosi, ndipo palibe pulogalamu yobena imene ingabwezeretse zimene foni sinajambule. Komabe ibeneni. Mawu a anthu amamveka, mayendedwe awo amadziwika, ndipo kholo limamuzindikira mwana wake ngakhale chithunzi chili mbuu. Chimene muyenera kupewa ndi kusintha kawiri katatu, kuchoka ku 3GP kupita ku AVI, kenako MP4, kenako DVD. Kusintha kulikonse kumadyako chithunzi. Tengani failo yoyambirira yeniyeni, isintheni kamodzi.

Mafailo a .DAT aja anachokera pa VCD, zimbale za mavidiyo zimene zinayamba DVD isanabwere. M'kati mwake muli MPEG-1 ya 352 x 288, ndipo mawu ake ali pa 44.1 kHz, ndiye ayenera kukwezedwa kufika pa 48 kHz. DVDStyler imachita yokha zimenezi. Ikakana kulandira failoyo, sinthani dzina kuti lithe ndi .mpg muyesenso. Kwa amene saopa kulemba malamulo pa kompyuta, pulogalamu ya ffmpeg imamaliza ntchito yosintha ndi mzere umodzi: ffmpeg -i ukwati.avi -target pal-dvd -aspect 4:3 ukwati.mpg. Failo yotulukayo muilowetsebe mu DVDStyler kuti ipange VIDEO_TS.

Chimbale wamba cha 4.7 GB chimanyamula pafupifupi maola awiri osawononga chithunzi. Ukwati wathu sutha m'maola awiri, ndikudziwa, pali pelekanipelekani ndi malangizo a ankhoswe. Ugaweni pa zimbale ziwiri m'malo mopanikiza zonse pa chimodzi. Zilipo za 8.5 GB, koma n'zodula ndipo mapuleya ena akale amavutika nazo. Gulani DVD-R, ndiyo mapuleya akale ambiri amailandira mosavuta.

Pobena, musasankhe liwiro lapamwamba. Ikani pa 4x, ngati palibe 6x kapena 8x. Laputopu ikhale yodzaza moto, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito chimbalecho chatha, DVD-R sibenedwa kawiri. Ngati n'kotheka pangani kaye failo ya ISO, imene ndi kope la chimbale chonse losungidwa pa kompyuta, muionere pa VLC kuti menyu ikuyenda ndiponso mawu akugwirizana ndi milomo, ndiye mubene.

Mukamapereka chimbale kwa amayi, auzeni kuti asachisiye pazenera kapena pamwamba pa kanema. Dzuwa la Okutobala kuno kunyanja limawononga utoto wa m'kati mwa DVD-R, umene umasunga vidiyoyo. Chikhale m'kabokosi kake, ndipo polemba dzina pamwamba gwiritsani maka yofewa, osati bolopeni. Mafailo oyambirira aja musawafufute poganiza kuti ali kale pa chimbale. Asiyeni pa kompyuta, mukoperenso pa fulashi imene ikasungidwe kwa achimwene anu, kuti chimbale chikadzakandika mudzangobena china.