Mphika wa miyendo itatu wadyedwa ndi dzimbiri: kodi ungaphikirenso?

Mayi wina wa ku Bangula watumiza imelo iyi: "Tili ndi mphika wachitsulo wa miyendo itatu, nambala 3, umene agogo aamuna anabwera nawo kuchokera ku Joni. Madzi a namondwe wa Freddy atalowa m'nyumba mu Malichi 2023 unakwiririka m'matope, ndipo titaufukula tinangouponya kuseri kwa khitchini. Pano ndi dzimbiri lokhalokha. Ena akuti tiuwotche pamoto waukulu, ena akuti tizingomwetseramo nkhuku. Kodi ungaphikirenso?"

Mayi, nkhukuzo zipezereni chomwera china. Mphika wotere ndi wochindikala, dzimbiri la zaka zingapo limangodya pamwamba. Chimene chimaupha ndi mng'alu, ndipo ming'alu yambiri imabwera ndi anthu amene akuti akuukonza.

Musanagule chilichonse, uyeseni kaye. Ukolekeni ndi waya wake wonyamulira, muugogode ndi supuni. Wabwinobwino umalira ngati belu, wong'aluka umangoti gu, gu. Kenako thiranimo madzi mpaka m'khosi, ugone usiku pamalo ouma, m'mawa muone ngati pansi panyowa, makamaka pamene miyendo inalumikizana ndi mimba ya mphika. Ukapezeka ndi mng'alu, musathamangire kwa wowotcherera aliyense wa pamsika. Chitsulo chimenechi, chimene amachitcha cast iron, chili ndi kaboni (chinthu chakuda chimene chimapezekanso m'makala) wochuluka, magawo awiri mpaka anayi pa 100 alionse, n'chifukwa chake sichipindika koma chimasweka ngati mbale yadothi. Chimafuna ndodo zowotcherera za nickel, kutenthetsa mphika wonse asanayambe ndi kuuziziritsa pang'onopang'ono. Ndi ndodo wamba, mng'alu wina umatulukira pambali pomwepo. Ngati mukukayika mtundu wa chitsulo, ikanipo maginito: miphika ya aluminiyamu yosungunula ija maginito sagwira, ndipo zimene ndikulemba pano siziikhudza.

Pali funso lina limene kuno ku chigwa cha Shire silodumpha. Funsani akuluakulu apakhomo ngati mphikawo unasungunuliramopo mtovu wa pa maukonde a nsomba, kapena kusakaniziramo mankhwala a thonje. Ngati yankho ndi eya, nkhani yathera pomwepo. Mtovu suchoka ndi kukwecha, ndipo umawononga ubongo wa ana. Dzalanimo maluwa, ngakhale nkhuku zisamweremo.

Tsono za moto waukulu zija. Zoona, moto umapsereza mafuta akale ndi mwaye, koma malawi a nkhuni amatenthetsa mbali imodzi kuposa inzake, chitsulo n'kufufuma mosiyana, n'kung'aluka. Pamene pafiira kwambiri pamasanduka potuwa mofiirira, ndipo pamalo potero mafuta sagwiranso bwino. Choipa kwambiri ndi kuuthira madzi ukadali wotentha. Ine ndikuti musauwotche. Wanuwo wakhala padzuwa ndi pamvula, mafuta akale anatha kale, mdani amene watsala ndi dzimbiri basi, ndipo dzimbiri siliopa moto.

Yambani ndi manja. Makande akauma amagwira ngati simenti, ndiye uviikeni m'madzi kwa ola limodzi, mupale ndi kamtengo, kenako mukweche ndi mchenga wosalala ndi chitsononkho, kapena waya wotsukira mapoto ndi sopo. Bulashi ya waya ndi ya kunja ndi m'miyendo. Apa pokha dzimbiri lofumbutuka lija limachoka lambiri.

Lotsalalo limafuna chowawasa. Sakanizani viniga wa m'sitolo ndi madzi muyeso wofanana, kapu kwa kapu. Nambala 3 imalowa malita pafupifupi 8, ndiye kuudzaza kungakudyereni malita 4 a viniga, ndalama zosafunika kuwononga. Botolo limodzi likwana: nyowetsani nsanza m'madzi a vinigawo, muziyale mkati ndi kunja, mukulunge ndi pepala lapulasitiki kuti zisaume, poti dzuwa la kuno silichedwa kuumitsa. Pakatha mphindi 30 chotsani, kwechani, onani. Ngati dzimbiri likadalipo bwerezani. Musausiye usiku wonse. Viniga akamaliza dzimbiri sapuma, amayamba kudya chitsulo chenichenicho, n'kusiya timaenje ngati nkhope ya nthomba, ndipo timaenje timeneto sitidzatsekekanso. Bwemba, amene kuno sasowa, amagwiranso ntchito yomweyo: viikani manja atatu odzaza m'malita awiri a madzi ofunda, finyani, pakani phala lakelo. Ndi wofatsa kuposa viniga, choncho muzimuona pakatha ola lililonse.

Mwafika mukaona chitsulo chotuwa ngati phulusa. Tsukuluzani ndi madzi ozizira momwe mwasungunulamo supuni ziwiri za soda wophikira, kuti aphe mphamvu ya viniga. Madzi otsukuluzira komaliza akhale a mvula kapena a pampopi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere pa chitsulo chosavala ndi kuitana dzimbiri ndi likhweru. Pukutani msanga, ikani pamoto wochepa mphindi khumi kuti uume mpaka mkati mwa timaenje. Mukaona kautoto kachikasu katulukira pomwepo, musataye mtima, kamachoka ndi kansanza ka mafuta.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kuda konyezimira kwa mphika wakale si mwaye ayi. Ndi mafuta amene anatenthedwa mpaka anasintha, n'kuuma kukhala khungu lolimba logwirana ndi chitsulo. Khungu limenelo ndi limene limatchinga madzi ndi mpweya, komanso limaletsa chakudya kumata. Kuti mafuta asinthe chonchi pamafunika zinthu ziwiri: akhale ochepetsetsa, ndipo moto ufike pa madigiri 230 mpaka 250 a Celsius.

Mafuta ake ndi ophikira omwewa, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza. Majarini ayi, muli madzi ndi mchere. Mphika ukadali wofunda, thirani supuni imodzi yaikulu, mupake ndi nsalu ya thonje paliponse: mkati, kunja, miyendo, makutu, chivindikiro mbali zonse ziwiri. Kenako tengani nsalu ina youma mupukute ngati kuti munalakwitsa kupaka ndipo mukufuna kuchotsa onse. Mphika uoneke wouma. Otsalira osaonekawo ndi amene tikufuna. Nsalu za nayiloni zimasungunuka, zisiyeni.

Ngati pafupi pali wophika masikono kapena buledi, mupempheni malo mu uvuni wake ukatentha. Vundikirani mphika chamutu pansi kuti mafuta asadikhe, chivindikiro pambali, ukhalemo ola limodzi, uzizire momwemo. Kopanda uvuni, makala akwana. Yalani makala oyaka bwino, opanda malawi, pansi pakati pa miyendo ndi mozungulira. Posachedwa muona kautsi kopyapyala. Musauphule apo, dikirani mpaka utsiwo uleke wokha, kawirikawiri mphindi 20 mpaka 30. M'mbali ndi m'khosi simufika moto wokwanira, ndiye muugoneke chammbali pa makalapo, muziutembenuza pang'onopang'ono ndi mtengo ngati mukuwotcha chimanga. Chivindikiro chichiteni pachokha pa mbaula. Ukazizira mpaka kugwirika, pakaninso, pukutaninso, bwererani pamoto. Kanayi kapena kasanu. Ulendo woyamba umaoneka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kuda kumabwera pambuyo. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, panja pansi pa mtengo.

Zikalakwika, mphika umanena wokha. Ukamamata m'manja ngati ulimbo, mafuta anachuluka kapena munauphula msanga: ubwezereni pamoto theka la ola, ukakanabe kwechani pomatapo muyambirenso. Madontho ooneka ngati khungu la nkhanga ndi mafuta amene simunapukute mokwanira. Khungu likamasupuka timakoko takuda, munaunjika mafuta kapena pansi panatsalira dzimbiri. Pansi pakatuwa ngati phulusa pamene m'mbali mwada, makala anachuluka ndipo khungu lapserera, chepetsani moto.

Masabata awiri oyamba uphikireni zamafuta: mandasi, zitumbuwa, tchipisi, mlamba wokazinga, nyama ya mbuzi yonona. Izi zimawonjezera khungu. Zimene zimalisupula ndi zowawasa ndi zasoda. Tomato wambiri wowiritsa nthawi yaitali, chidede, phala la bwemba kapena la malambe, ndi thelele la soda kapena la chidulo, zonsezi zidikire, kapena zipite mu mphika wadothi kumene ndi kwawo. Thobwa lisagonemo. Nsima kapena nyemba zikatuluka zotuwirako ndi kafungo kachitsulo, sikuti ndi poizoni, n'chizindikiro chakuti khungu likadali lopyapyala, onjezani maulendo awiri a mafuta ndi moto. Za tizilombo ta m'madzi osefukira aja musade nkhawa, palibe kamene kangapirire moto umene mphikawo wadutsamo.

Potsuka tsiku ndi tsiku, sopo pang'ono sawononga kanthu. Phulusa ndi mchenga, zimene timawalitsira mapoto a aluminiyamu, apa ayi, zimapala khungu lonse. Zikakangamira, thiranimo madzi ofunda, aphwetse mphindi zisanu, mupale ndi mthiko kapena chipande. Musauviike usiku, ndipo musausiye pathandala kuti uume wokha. Ubwezereni pa makala otsalira mphindi zingapo, pakani madontho ochepa a mafuta, pukutani. Kuno kukutentha, mafuta ochuluka amasasa msanga n'kuitana nyerere ndi mphemvu.

Posunga, musauvundikire n'kutsekeratu, chifukwa chinyezi chotsekeredwa chimabweretsa dzimbiri pa milomo ndi pansi pa chivindikiro. Pindani pepala muike pakati kuti mpweya uzilowa. Nyengo ya mvula usakhale pansi padothi, ukolekeni pa mtanda wolimba wa khitchini kapena muuike pa alumali yokwera. Ukakhala mwezi osaphikira, utsitseni muone mkati, ndipo kadontho kofiira mukakapeza kakadali kakang'ono, kakwecheni ndi mchere wouma wosakaniza ndi mafuta, pukutani mchere wonse, pakani mafuta atsopano, n'kuuika pamoto kamodzi.