Nyimbo ya ku Korea yosamva mawu koma yolanda tulo

Mchemwali wina wandilembera imelo, akuti pali nyimbo ya ku Korea yoyenda pang'onopang'ono yomwe akumaibwereza usiku uliwonse, mawu sakumvapo ngakhale limodzi, ndiye chibwenzi chake chikumuseka kuti wapenga. Akufunsa kuti chikumukoka nchiyani.

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Ine zinandigwira mu Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale chitenje sungafunde, magetsi atazima, foni yatsala 12 peresenti. Msuweni wanga anali atanditumizira nyimbo ya UN Village ya woimba wa ku Korea Baekhyun pa WhatsApp, ya 2019 ija, ine nkumati aaa za ana asukulu izi. Ndinavala mahedifoni pongofuna kuthawa kulira kwa udzudzu. Eee! Besi ikubwera mochedwa dala ngati munthu wodziwa kuti mumudikira basi, kiyibodi ili phee pansipansi, ndipo mnyamatayo sakukuwa ayi, akuimbira pafupi ndi maikolofoni mpaka kupuma kwake kukumveka mkhutu mwenimweni, ine thukuta lili kamukamu osadziwa ngati ndi nyengo kapena nyimboyo. Ndinaibwereza mpaka foni inathima, alamu osalira, kuntchito ndinafika 9 koloko bwana atakwinya kale nkhope.

Kenako ndinadzamva kuti UN Village ndi dera la anthu andalama ku Hannam-dong mumzinda wa Seoul, pachitunda choyang'ana mtsinje wa Han. Sindinadabwe, nyimboyo imanunkhira pafyumu wodula.

Ndipotu anthu oti K-pop, nyimbo zamakono za ku Korea, ndi kudumphadumpha kwa ana ovala zowala amanditopetsa, samamvera, amangoona timavidiyo ta pa TikTok. Tamverani Move ya Taemin ya 2017, kapena Bad Boy ya Red Velvet ya 2018 yomwe anaikonza nawo ndi gulu la okonza nyimbo la The Stereotypes, omwe aja anagwiranso ntchito ndi Bruno Mars. Muzu wake ndi R&B ya anthu akuda aku America, aku Korea anangoitenga nkuisalaza, nkusanjikiza mawu ambirimbiri kumbuyo ngati kwaya yonong'ona. Penapake amasalaza mopyola mpaka kusowa kafungo, izo ndivomera. Koma ikagwira yagwira.

Za achibwenzi anuwo zandipsetsa mtima pang'ono. Ndikutsimikiza rhumba ya ku Congo ikalira amatseka maso nkumagwedeza mapewa, Lingala anaphunzira liti? Malume anga anakalamba akuimba za Franco wa ku Congo, mawu onse olakwika, palibe anawatcha wamisala.

Nanga mutani?

Musathamangire kufufuza tanthauzo la mawu, ine ndinayesapo pa nyimbo ina ndipo kukoma kunachepa. Chikukukokani ndi besi ija ndi mpata womwe amausiya pakati pa mawu. Mukafuna zina sakani nyimbo za Dean, Crush ndi Zion.T, mumvere usiku ndi mahedifoni osati sipika. Foni tchajani kaye.