Simentiyo muyambe mwaiika pambali

Bambo wina, mmisiri womanga, wanditumizira imelo. Akuti akufuna kuphunzira kukonza nyumba zakale kwambiri, ndiye ayambire pati?

Bambo, yambani ndi kuiwala simenti. Njerwa zakale n'zofewa, ndipo anazimanga ndi matope a laimu. Matope amenewa amalola chinyezi kutulukira m'mizere ya pakati pa njerwa. Mukamata simenti m'mizeremo, madzi amasowa potulukira, amalowa m'njerwa, njerwayo n'kuyamba kufumbutuka kumaso kwake, simenti ili gwa. Matope ndiwo ayenera kutha msanga, osati njerwa. Pamenepa sindimva za munthu. Ngakhale bungwe loteteza nyumba zakale la SPAB, limene William Morris anayambitsa ku England mu 1877, mfundo yake ndi yomweyi: konzani chowonongeka chokhacho, zotsalazo zisiyeni.

Kasakanizidwe ka matope a laimu: ndowa 1 ya laimu wonyika, amene wakhala m'madzi miyezi 3 kapena kuposa, ku ndowa 3 za mchenga wokhakhala, wopanda dothi. Madzi musathamangire kuthira. Mukamapondaponda amafewa okha. Amadzimadzi amang'aluka pouma.

Kolokosani matope ofumbwa ndi tchizulo chaching'ono, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mzere. Mzere wa mamilimita 10, mulowe 20. Grinder, makina odulira aja, ayi! Imadya m'mphepete mwa njerwa, ndipo chodyekacho sichibwerera. Sesani fumbi, nyowetsani khoma, kenaka kanikizani matope mpaka kumapeto. Pakuya kwambiri muziika pang'onopang'ono, oyambawo ayambe agwirako. Akalimba moti chala sichikulowa koma chikhadabo chikukanda, gogodani ndi bulashi yolimba.

Ambiri amagwa pa kuumitsa. Laimu amalimba pokoka mpweya wa carbon dioxide, ndipo safuna changu. Akauma ndi dzuwa kapena mphepo tsiku limodzi, amasanduka ufa. Phimbani ndi ziguduli zonyowa, muziwaza madzi kwa sabata yathunthu. Komanso laimu amawotcha khungu, m'maso ndiye osanena; magolovesi ndi magalasi musawasiye.

Iyayi, ndatsala pang'ono kuiwala denga. Kukonza khoma denga likudontha n'kutaya nthawi, poti madzi omwewo ndiwo amaoletsa mitengo ndi kuitana chiswe.

Nanga kophunzirira?

Pezani mmisiri amene amagwiradi ntchito ya laimu, mumugwirire ngakhale yosakaniza matope. Kunyumba mangani kakhoma ka mita imodzi ka njerwa zakale, muzikolokosa ndi kumatanso mpaka dzanja lizolowere. Nyumba yeniyeniyo muyambe mwaijambula zithunzi musanachotse kalikonse.