Mafunso ndi mayankho: "coup de pouce" pa nkhani ya malipiro a ku France

Funso: Ndapatsidwa ntchito yomasulira m'Chingerezi lipoti la Chifalansa lonena za malipiro a ogwira ntchito ku France. Chiganizo ichi chandiimitsa mutu: "Le gouvernement n'accordera pas de coup de pouce au SMIC au 1er janvier." Dikishonale ikuti "pouce" ndi chala chachikulu cha kudzanja. Kodi ndingolemba kuti boma silikweza malipiro? *Womasulira wa ku Zomba*

Yankho: Ayi, musalembe choncho, mungasocheretse owerenga. Malipirowo akwera ndithu pa 1 Januwale. Chimene boma lakana n'kuwonjezerapo china mwa kufuna kwake.

Tiyambe ndi SMIC. Awa ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo la ku France limalola kuti munthu alandire pa ola limodzi. Anakhazikitsidwa mu 1970 kulowa m'malo mwa SMIG, malipiro otsikitsitsa akale amene anayamba mu 1950. Chaka chilichonse pa 1 Januwale amakwera potsata masamu olembedwa m'lamulo. Amaona mmene mitengo ya zinthu yakwerera kwa mabanja opeza zochepa, kenako amawonjezerapo theka la phindu lenileni limene malipiro a antchito wamba apeza atachotsera kukwera kwa mitengoko. Komanso mitengo ikakwera ndi 2 peresenti chaka chisanathe, SMIC imakwera osadikira Januwale. Pa zonsezi boma lilibe chosankha, ndipo Afalansa amazitcha "revalorisation automatique".

Tsono "coup de pouce" ndi kakuwonjezera kamene boma limatha kuika pamwamba pa masamuwo, likafuna. Zili ngati banyira wa pamsika: muyeso umene mwalipira ndi wanu, koma kapamwambako n'kufuna kwa wogulitsa. Mu Julaye 2012, François Hollande atangolowa pampando wa pulezidenti wa France, SMIC inakwera ndi 2 peresenti, ndipo mwa iyo 0.6 peresenti yokha ndiyo inali "coup de pouce". Mu Novembala 2024 inakweranso ndi 2 peresenti kufika pa mayuro 11.88 pa ola, koma uku kunali kungofulumizitsa kukwera kwa mu Januwale wotsatira. Mukuona kuti kukwera kuwiri kofanana kungakhale ndi maina osiyana, ndipo mabungwe a ogwira ntchito amalimbana ndi boma pa kusiyana komweku.

Ife tikanalemba motere: "The government will not grant a discretionary increase in the minimum wage on 1 January." Mawu akuti "discretionary" ndiwo anyamula nkhani yonse. Ngati owerenga anu sadziwa za France, wonjezerani kumapeto kuti "beyond the automatic adjustment", ngakhale m'Chifalansamo mulibe. Mfalansa amazimva popanda kuuzidwa, wa ku London kapena ku Lilongwe ayi.

Mawu akuti "boost" amagwira m'mutu wa nkhani ya m'nyuzipepala, koma m'lipoti ndi osakwanira chifukwa sasonyeza kuti pali kukwera kwina kumene kwachitika kale. "Helping hand" sayenera n'komwe pano. Pewaninso "living wage" pomasulira SMIC, chifukwa ku Britain mawuwa ali kale ndi ntchito yawoyawo. Koyamba lembani "France's statutory minimum wage, the SMIC", kenako muzingoti "the SMIC".

Samalaninso manambala. Mfalansa akalemba 11,88 € inu mulembe €11.88, ndipo 1 801,80 € ndi €1,801.80, omwe anali malipiro a pamwezi a maola 35 pa sabata pa mtengo umenewo. Yang'anani ngati palembedwa "brut", kutanthauza "gross", ndalama asanadulepo zopereka za inshuwalansi ndi penshoni, kapena "net", yotsala akadula zoperekazo. Mukasiya kamawu kameneka, wowerenga aganiza kuti ndalama yonseyo imalowa m'thumba.

Funso: M'malipoti omwewa ndimakumana ndi "tassement des grilles salariales". N'chiyani? *Wophunzira wa ku Mzuzu*

Yankho: "Grille salariale" ndi ndandanda ya magiredi a malipiro imene olemba ntchito ndi mabungwe a antchito amagwirizana pa mtundu uliwonse wa ntchito, m'Chingerezi "pay scale". SMIC ikamakwera msanga ndandandazo zisanakonzedwe, magiredi apansi amamezedwa, moti wogwira ntchito zaka zambiri amapezeka akulandira pafupifupi zofanana ndi wongoyamba kumene. Akatswiri a zachuma amati "wage compression", choncho lembani "compression of pay scales". Musalembe "wage cuts" kapena "falling wages", pakuti palibe amene wadulidwa malipiro. Mpata wa pakati pa magiredi ndiwo wachepa.