LeBron poyamba, koma Duncan musamuchepetse

Achimwene, mwafunsa kuti pa ma forward (osewera akutsogolo) onse a NBA, ligi ya basketball ya ku America, wamkulu ndani, ndiye mwaika Kevin Durant pamwamba pa Tim Duncan. Apo pokha ndakana.

Kwa ine woyamba ndi LeBron James basi. Fainolo ya 2016 ija tinaonera kuno ku Salima cha ku Kamuzu Road, 2 koloko usiku, mwera ukuwomba, tonse titaunjikana pa ka TV kamodzi titafunda zitenje. Cleveland, timu ya LeBron nthawi imeneyo, inatsalira magemu 3-1 kwa Golden State, timu yomwe inawina magemu 73 sizoni imeneyo, koma mkulu uja anakana kugonja, ndipo mu gemu 7 momwe anamuthamangira Iguodala wa Golden State kuchokera kumbuyo n'kuumenyera mpira pa bolodi tinakuwa mpaka aneba kudzuka. Makapu 4 ndi matimu atatu, kenako mu 2023 anadutsa mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, amene anali ndi mapointi ambiri kuposa wina aliyense mu NBA.

Wachiwiri ndi Duncan. Ambiri amamuiwala poti sankadzionetsera, komatu zaka 19 ali ku San Antonio komweko, makapu 5, pa difensi ngati chipupa. Larry Bird wachitatu, MVP (wosewera bwino kuposa onse pa sizoni) katatu motsatizana kuyambira 1984 mpaka 1986, msana ndi umene unamupuntha.

Durant amagoletsa mosavuta zedi, sindikutsutsa, koma makapu ake awiri anakawatengera ku Golden State komwe anapeza nsima itapsa kale. Ine bola Dirk Nowitzki wa 2011, amene anagwetsa Miami ya LeBron yemweyo atasenza Dallas pamsana pake.