Mawanga akuda kumaso: peel, laser kapena jakisoni? Zimene dokotala wokongoletsa khungu amachita

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndaifupikitsa. Ziphuphu zinawavutitsa nthawi yaitali, zitatha zinasiya mawanga akuda m'masaya ndi pachibwano. Mnzawo anawapatsa mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika. Nkhope inayera miyezi ingapo, koma tsopano masaya ada kuposa kale, ndipo akangosiya kudzola nkhope imayabwa n'kutuluka nsungu. Pa Instagram akuona malo otsatsa peel, laser ndi jakisoni wa glutathione amene amati amayeretsa khungu. Funso lawo ndi ili: "Kodi madokotala okongoletsa khunguwa amachita chiyani kwenikweni, nanga ine ndisankhe chiti?"

Achemwali, zikomo polemba. Pa zitatu mwatchulazo palibe chimene ndingakuuzeni kuti muyambire. Nkhope imene ikuyabwa mukasiya mafuta ndi nkhope yodwala, ndipo dokotala wodziwa ntchito yake sangaiyike pa makina isanachire.

Dokotala wa khungu, amene pachikwangwani pake pamalembedwa dermatologist, amayamba wamaliza udokotala wamba. Ku South Africa komwe muliko ndi zaka 6 za ku yunivesite, kenako kugwira ntchito m'zipatala za boma, kenako zaka zina 4 akuphunzira za khungu, tsitsi ndi zikhadabo basi. Wokongoletsa khunguyo si dokotala wa mtundu wina ayi, ndi yemweyu, kungoti ntchito yake yambiri waiika pa maonekedwe: mawanga, zipsera, makwinya, ubweya womera posafunika, tsitsi lothothoka. Palinso madokotala wamba amene anachita maphunziro aafupi a kubaya majakisoni okongoletsa a Botox ndi filler, ena ndi aluso ndithu. Ndiye pali a m'saluni, amene si madokotala konse. Onsewa amavala zoyera ndipo pa Instagram amaoneka chimodzimodzi. Bungwe la HPCSA, limene limalembetsa madokotala ku South Africa, lili ndi kaundula pa intaneti, mumangolemba dzina la munthuyo n'kuona ngati alimo komanso ngati analembedwa monga katswiri wa khungu.

Makina si amene amawasiyanitsa, pakuti saluni ya ndalama ikhoza kugula makina omwewo. Chimene mukulipira kwa dokotala ndi diso lake. Masaya akuda ngati anuwo akhoza kukhala mavuto atatu osiyana, ooneka mofanana kwa ine ndi inu, koma chimene chimathandiza vuto lina chimawonjezera linzake.

Loyamba ndi mawanga otsala chiphuphu chikapola. Anthu tonse, azungu ndi ife, tili ndi maselo ochuluka mofananako opanga melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, koma athuwa ndi akhama. Khungu likangopsa mtima pang'ono, kaya ndi chiphuphu, kukanda, lezala kapena kutentha, amathira melanin wambiri pamalopo. Mawanga okhala pamwamba pa khungu amazimiririka okha m'miyezi 6 mpaka 12 ngati ziphuphu zaleka. Amene analowa pansi amatha zaka. Lachiwiri ndi melasma, zigamba zakuda zofanana masaya onse awiri, nthawi zina mpaka pamphumi, zimene zimakonda kubwera ndi mimba, mapiritsi olera ndi dzuwa. Iyi ndi yamakani, imachepa koma imabwerera. Lachitatu, limene ndikufuna akakuyezeni bwino, ndi ochronosis, kuda kobwera chifukwa chodzola nthawi yaitali mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone. Khungu limada mobiriwirako ngati lapakidwa mwaye, makamaka pamafupa a masaya pamene dzuwa limamenya, ndipo likapitirira limachita timadontho tolimba. Matendawa anafotokozedwa bwino koyamba ku Pretoria komweko mu 1975 ndi dokotala George Findlay ndi anzake, ataona amayi ambiri akuda amene ankadzola mafuta oyeretsa. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola ogulitsa m'sitolo mu 1990, koma monga mwadzionera nokha, pamsika sanachokepo. Ochronosis ndi wovuta kuchotsa ngakhale kwa katswiri, ndipo munthu akaona kuda kukuwonjezeka amawonjezeranso mafuta omwe akumudetsawo.

Kuyabwa ndi nsungu mukasiya kudzola kukuloza chinthu china: steroid. Mafuta ambiri oyeretsa amakhala ndi steroid wotchedwa clobetasol kapena betamethasone, ngakhale pabotolo asalembepo. Awa ndi mankhwala abwino pa matenda ena a khungu akagwiritsidwa ntchito masabata ochepa. Kumaso, miyezi ndi miyezi, amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, amabala ziphuphu zawozawo, amameretsa ubweya, ndipo khungu limawazolowera moti mukasiya limalusa. Odzola thupi lonse amang'ambika mizere m'manja ndi m'ntchafu, ena mpaka shuga ndi BP kukwera, chifukwa mankhwalawo amalowa m'magazi. Mafuta ndi sopo zina zimakhalanso ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. N'chifukwa chake pangano la mayiko la Minamata la mu 2013 linaikamo mafuta odzola okhala ndi mercury pa zinthu zoyenera kuthetsedwa.

Ndiye mukalowa kwa dokotala wabwino, tsiku loyamba lidzakugwetsani ulesi. Adzafunsa zambiri: mwadzola chiyani, kuyambira liti, muli ndi mimba kapena mukuifuna, mumamwa mankhwala anji, bala likapola limatupa kapena ayi. Botolo la mafutawo mulitenge, musachite nalo manyazi, amaona otero tsiku ndi tsiku. Adzayang'ana khungu ndi kagalasi kokuza kokhala ndi nyali, ndipo akakayikira ochronosis akhoza kudula kachidutswa kakang'ono kukapima. Kenako akusiyitsani steroid uja mwa dongosolo, nthawi zambiri ndi mankhwala ena oziziritsa khungu, chifukwa masabata oyamba amakhala owawa ndipo ambiri amabwerera ku botolo pamenepa. Ziphuphu azithira mankhwala, poti kuchotsa mawanga ziphuphu zikutulukabe n'kutaya ndalama: adapalene kapena tretinoin usiku, benzoyl peroxide, azelaic acid amene amathandiza ziphuphu ndi mawanga omwe, mwina mapiritsi a doxycycline. Zikakanika pali isotretinoin, wamphamvu kwambiri, koma amapundula mwana m'mimba, choncho saperekedwa kwa mayi asanagwirizane za kulera. Hydroquinone yemweyo madokotala amamulemba, wa 4 peresenti kapena kuchepera apo, kwa miyezi yowerengeka ndipo akukuyang'anirani. Kwa wa ochronosis samuyandikizanso.

Ndi mafuta oteteza ku dzuwa, a SPF 30 kupita m'mwamba, tsiku lililonse. Ndikudziwa ambiri a ife timaseka tikamva zimenezi, ati ndi za azungu. Pa kupsa ndi dzuwa tilidi ndi mwayi, koma pa mawanga ndife amene dzuwa limatilanga. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, dzuwa lake ndi laukali ngakhale m'nyengo yozizira. Sankhani aja okhala ndi mtundu pang'ono, okhala ndi iron oxide, chifukwa pa khungu lakuda kuwala wamba kumene timaona ndi maso nakonso kumadetsa mawanga, ndipo mafuta oyera mbee aja sakutchinga mokwanira.

Tsopano makina ndi majakisoni, poti mwafunsa.

Peel ndi asidi wopakidwa kumaso mphindi zochepa kuti khungu la pamwamba lisendeke. Zilipo zapamwamba, monga glycolic ndi salicylic, zimene zimachitidwa maulendo angapo motalikirana masabata awiri mpaka anayi. Izi pa khungu lathu zimayenda bwino ngati wopakayo ali wosamala, ndipo salicylic amathandizanso ziphuphu. Zilipo zolowa mkati, za asidi wamphamvu wa TCA ndi phenol. Phenol amafuna kuyang'anira mtima pamene akumupaka, ndipo pa khungu lakuda amatha kusiya zigamba zoyera zosabwerera. Wina akakulonjezani peel imodzi yochotsa zonse pa Loweruka, tulukani. Pa zipsera zokumbika za ziphuphu pali microneedling, kuboola khungu ndi timasingano tambirimbiri kuti lipange collagen watsopano, chinthu chimene chimalimbitsa khungu. Poti palibe moto, imatiyanja kuposa laser zambiri, koma saichita pa nkhope imene ili ndi ziphuphu zosapola.

Laser ndi imene imafuna kuimvetsa. Maziko ake anaikidwa mu 1983 ndi Rox Anderson ndi John Parrish ku Boston: kuwala kwa mtundu umodzi kumamwedwa ndi chinthu cha mtundu wina pakhungu, chinthucho chimatentha n'kufa, zozungulira zimatsala. Pa mzungu wa tsitsi lakuda n'zosavuta, kuwalako kumadutsa khungu loyera n'kukagwera pa muzu wa tsitsi. Pa ife melanin ali ponseponse, ndiye khungu lenilenilo limamwa motowo. Zotsatira zake ndi matuza, kenako mawanga atsopano akuda kapena oyera, ooneka mwadongosolo monga momwe mutu wa makinawo unkaponda. Madokotala amagawa khungu m'magulu 6 potsatira muyeso wa Thomas Fitzpatrick wa mu 1975, ndipo ambiri a ife tili pa 5 ndi 6. Dziwani kuti poyamba muyesowu unali ndi magulu anayi a khungu loyera okha, lathu linawonjezedwa pambuyo pake, ndipo mbiri ya makina ambiri ndi yomweyo. Laser imene imadziwika kuti ndi yotetezeka pa khungu lakuda ndi Nd:YAG ya 1064 nm, chifukwa melanin wa pamwamba saimwa kwambiri. IPL, imene masaluni ambiri amaitcha laser ngakhale si laser, ndi imene yawotcha anthu akuda ambiri. Ya CO2 yosenda khungu nayonso imasiya mawanga kawirikawiri. Funsani dzina la makinawo, funsani zithunzi za anthu a khungu ngati lanu amene anawathandiza, ndipo ayambe ayesa kamalo kakang'ono kobisika n'kudikira masiku aone mmene khungu layankhira. Pa melasma laser ndi njira yomalizira, osati yoyambira, chifukwa kutentha kumaidzutsa.

Pamene laser imasangalatsa kwenikweni ndi pa ndevu. Abambo amene amatuluka zotupa akameta, ndi amayi omera ubweya pachibwano amene amauzula n'kutsala ndi mawanga, Nd:YAG imawathandiza ndithu pa maulendo 6 mpaka 8, poti muzu wa vutolo ndi tsitsi lopiringizika lobwerera m'khungu.

Botox ndi filler sizikukhudzana ndi mawanga anu, ndingozidutsa. Botox amachokera ku poizoni wa bakiteriya wa Clostridium botulinum, ndipo kadontho kake kamagonetsa mnofu kuti usakwinyike. Jean Carruthers, dokotala wa maso ku Vancouver, anazindikira mu 1987 kuti odwala amene ankawabaya chifukwa cha kuphethira kosalamulirika makwinya a pamphumi ankawachoka, ndipo America inavomereza kumugwiritsa ntchito pokongoletsa mu 2002. Amayamba kugwira m'masiku ochepa, amatha pa miyezi 3 kapena 4, ndiye n'kulipiranso. Amathandizanso thukuta losaleka la m'khwapa. Filler, makamaka wa hyaluronic acid, amadzaza pamene pafota kapena kukuza milomo, ndipo amakhala miyezi 6 mpaka chaka ndi theka. Ngozi yake ndi yosowa koma yaikulu: akalowa mumtsempha wa magazi khungu limafa, nthawi zina diso limasiya kuona. Wobayayo ayenera kukhala ndi hyaluronidase, mankhwala osungunula filler, m'chipinda momwemo.

Glutathione wa m'mitsempha ndiye ayi. Palibe umboni wokwanira wakuti amayeretsa khungu mokhalitsa, ndipo bungwe loona za mankhwala ku Philippines, komwe jakisoniyu anafala kwambiri, lachenjezapo za kuwonongeka kwa chiwindi ndi impso. Kuwonjezera apo, kumeneko n'kuyeretsa thupi lonse pofuna kubisa mawanga a m'masaya.

Ntchito ina yambiri ya madokotalawa pa khungu lathu siioneka pa Instagram. Zipsera zotupa za keloid, zija zimamera pakhutu loboola ndolo, pachifuwa kapena pankhongo, amazibaya triamcinolone pa masabata 4 mpaka 6 aliwonse, chifukwa kungodula kokha zimabwerera, nthawi zambiri zitakula. Tinjerewere takuda ta m'masaya, tija ali nato Morgan Freeman, si matenda oopsa ndipo amatiwotcha ndi kasingano ka magetsi. Tsitsi lothothoka m'mbali chifukwa cha kuluka kokoka limabwerera mukafulumira, mukachedwa mizu imafa. Pa nkhani za tsitsi ndi mafuta oyeretsa, Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban wachita kafukufuku wambiri pa amayi a kuno ku Africa, ndiye simuli kutali ndi anthu odziwa khungu ngati lanu.

Owerenga a kumudzi, musadikire chipatala chokhala ndi laser. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mbali yoona za khungu, ndipo ena mwa ogwira ntchito za khungu m'Malawi anakaphunzira ku Moshi, Tanzania. Pamzere mudzapeza a mphere, zipere ndi anzathu achialubino odzayezetsa khansa, koma nkhope yowonongeka ndi steroid nayonso ndi matenda, musadzione ngati mwasochera. Amene muli ku Britain chenjerani, kumeneko filler akhala akubayidwa ngakhale ndi anthu osaphunzira zachipatala. Lamulo la ku England la mu 2021 linaletsa kubaya ana osakwana zaka 18, koma wamkulu ayenera kudzifufuzira yekha mu kaundula wa GMC, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko.

Za ndalama, achemwali. Medical aid kawirikawiri salipira zokongoletsa, koma ziphuphu ndi khungu lopsa ndi steroid ndi matenda, choncho funsani ngati kuonana ndi dokotala ndi mankhwala ake zingalowe pamenepo. Mankhwala a ziphuphu amatenga masabata 8 mpaka 12 asanaonetse kusintha, mawanga amachedwa kuposa apo, ndiye muzidzijambula kamodzi pamwezi, malo omwewo, nthawi yomweyo, osadzola kanthu, kuti pobwerera kwa dokotala muzikambirana zooneka. Ndipo musalipiretu maulendo 6 a peel kapena laser pamtengo wotsitsa musanaone mmene khungu lanu lalandirira ulendo woyamba.